Chilimba chathu chaima pa mgodi umodzi

Ambiri a ife tikaika ndalama ku banki timaganiza kuti taziika m'bokosi lachitsulo ndipo zikhala mmenemo kutidikira. Koma ndalama zimene mwasungitsa Lolemba, pofika Lachisanu zimakhala zili kale m'manja mwa munthu wina amene wakongola kuti agule minibasi, feteleza kapena katundu wa mu shopu. Banki imasunga zochepa chabe zoti ipatse anthu amene abwera kudzatenga tsiku limenelo. Choncho musanasungitse ndalama kulikonse, kaya ku banki, kaya mu gulu la village banking, funso loyamba ndi ili: amene akongole ndalama zangazi adzazipeza kuti zobweza? Kuno ku Kopala, mukalondola bwinobwino, yankho limakhala limodzi nthawi zambiri. Adzazipeza ku mgodi, kapena kwa munthu amene amalandira ku mgodi.

Ine ndikuona kuti apa ndi pamene pali ngozi yaikulu ya ndalama zathu, kuposa wakuba ndi kuposa msungichuma wothawa ndi bokosi. Nkhani ya mabanki ang'onoang'ono a kumidzi amene anagwa ku America zaka pafupifupi 100 zapitazo ikutiuza chifukwa chake.

Mu 1929 ku America kunali mabanki pafupifupi 25,000. Ambiri anali aang'ono, a ofesi imodzi, m'matauni a alimi. M'zigawo zambiri malamulo sankalola banki kutsegula nthambi kwina, ndiye banki ya tauni inkakhala ya tauni yomweyo basi. Osungitsa ndalama anali alimi, wa sitolo, wa chigayo, mphunzitsi ndi m'busa. Okongola analinso alimi omwewo, ndipo chikole chawo chinali munda ndi zokolola. Mwini banki ankawadziwa onse ndi maina, ankapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Kukhulupirirana kunalipo kokwanira.

Msika wa masheya ku New York utagwa mu October 1929, chuma cha dziko lonse lapansi chinayamba kulowa pansi. Pofika 1932 mitengo ya tirigu ndi thonje inali itatsika kupitirira theka. Mlimi amene anakongola poyembekezera mtengo wakale analephera kubweza. Banki ikalanda munda, panalibe woti augule, chifukwa aliyense m'deralo anali pa vuto lomwelo. Nthawi yomweyo osungitsa ndalama anayamba kuzifuna, poti kunyumba kunalibe cholowa. Taonani mmene zinakumanirana: tsiku limene okongola analephera kubweza ndi tsiku lomwelo limene osungitsa anafuna ndalama zawo. Mphekesera ikangomveka kuti banki yayamba kuvutika, anthu ankathamangira kukaima pamzere, ndipo ofika mochedwa ankapeza chitseko chotseka. Pakati pa 1930 ndi 1933 mabanki pafupifupi 9,000 anagwa, ambiri a iwo ang'onoang'ono a kumidzi.

Ena mwa eni mabankiwo analidi akuba, koma ambiri anali anthu oona mtima. Chinawagwetsa ndi chakuti tauni yonse inkadya mumphika umodzi. Umboni wake uli ku Canada, dziko loyandikana nalo. Kumeneko chuma chinagwanso, alimi a tirigu anavutika kwambiri, koma palibe banki imene inagwa m'zaka zimenezo. Mabanki a ku Canada anali ochepa koma aakulu, okhala ndi nthambi dziko lonse. Nthambi ya kwa alimi a tirigu ikataya ndalama, nthambi za m'mizinda ndi za m'madera a nchito zina zinkaichirikiza.

Mwina mukuti zimenezo ndi za azungu akale. Koma vuto lomwelo linafika kuno, pa nthaka imene tikuyendapo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 migodi ya ku Kopala inali ikungoyamba kumene. Anthu ankabwera kuchokera ku Luapula, kumpoto, kum'mawa ngakhale ku Nyasaland kudzafuna nchito. Mu 1929 mkuwa unkagulidwa pa masenti 18 a ku America pa paundi imodzi. Pofika 1932 unali pa masenti pafupifupi 5. Mgodi wa Bwana Mkubwa, pafupi ndi Ndola, unatsekedwa mu 1931. Nchanga inatsekedwa chaka chomwecho madzi atasefukira mu mgodi, ndipo Mufulira nayo inaimitsa nchito. Inatsala Roan Antelope ku Luanshya ndi Nkana. Anthu akuda ogwira nchito m'migodi anali pafupifupi 30,000 mu 1930, koma kumapeto kwa 1932 anatsala pafupifupi 7,000.

Nthawi imeneyo mabanki analipo, monga Standard Bank ndi Barclays, koma anali otumikira makampani ndi azungu. Agogo athu ambiri analibe buku la banki loti litayike. Chinawapulumutsa ndi mudzi. Munthu akachotsedwa nchito ankanyamula bulangeti, mphika ndi njinga ngati anali nayo, n'kubwerera kwawo kumene kunali munda, mapira, chinangwa ndi abale. Chuma cha kumudzi sichinkayendera mtengo wa mkuwa wa ku London. Kunena mwachidule, iwo anali ndi mphika wachiwiri. Ife amene tinabadwira ku Chimwemwe, Wusakile, Chamboli, Chifubu, Lubuto kapena Masala, ambiri mudzi timangoumva m'nkhani za makolo. Mgodi ukatsekedwa lero, tidzabwerera kuti? Mphika wathu wachiwiri ndi ndalama zimene tasunga, ndiye n'chifukwa chake malo amene tazisunga ndi nkhani yaikulu.

Mabanki a mu Zambia nawonso anagwapo, ndipo si kale kwambiri. Lima Bank inali banki ya boma yokongoza alimi, makamaka alimi a chimanga. Chilala cha 1992 chinapsereza minda ya okongola ambiri nthawi imodzi, kenako boma linasiya kuyendetsa msika wa chimanga monga kale. Nkhongole zinaunjikana zosabwezedwa, ndipo pofika 1997 bankiyo inathetsedwa. Ndi nkhani yofanana ndi ya ku America ija: mbewu imodzi, mvula imodzi, okongola onse kugwa pamodzi. Mu 1995 kunagwa Meridien BIAO, banki imene anayambitsa a Andrew Sardanis, yomwe inali imodzi mwa zikuluzikulu mu Zambia ndipo inali ndi mabanki anzake m'maiko ambiri a mu Africa. Chaka chomwecho kunagwanso Commerce Bank ndi African Commercial Bank, ndipo ena anatsatira zaka za pambuyo pake, monga Prudence Bank ndi Credit Africa Bank. Inali nthawi imene ZCCM inkavutika, mafakitale a ku Ndola ankatsekedwa, ndipo anthu ambiri ankachotsedwa nchito. Funsani akuluakulu kunyumba, akuuzani za anthu amene analandira ndalama zopumira pa nchito n'kuzisungitsa ku banki imene inatseka patangopita miyezi.

Ife a m'badwo uno taziwonanso ndi maso. Mu November 2016 Bank of Zambia inalanda Intermarket Banking Corporation. Mu April 2024 inalanda Investrust Bank, banki imene gawo lake lalikulu linali la ZCCM-IH, chifukwa inalibe chuma chokwanira kulipira zonse zimene inayenera kulipira. Anthu anadzuka m'mawa n'kupeza khadi silikugwira pa makina. Pa nkhani ziwirizi Bank of Zambia inalowererapo n'kukonza njira yoti osungitsa apeze ndalama zawo, koma wa lendi ndi wa sukulu sadikira kuti zinthu zikonzeke.

Komabe banki imene ikundidetsa nkhawa kwambiri ilibe chikwangwani pa msewu. Ndi banki yaing'ono imene tapanga tokha, gulu la village banking ndi chilimba. Pafupifupi aliyense amene ali ndi kabizinesi kapena kanchito ku Kitwe ndi ku Ndola ali mu gulu lina, ndipo ena ali m'magulu atatu. Mu chilimba mumasonkha n'kupatsa mmodzi, mwezi wotsatira wina. Mu village banking mumasonkha, kukongozana pa chiwongola dzanja, n'kugawana kumapeto kwa chaka. Kunena zoona, gulu lotere ndi banki ndithu. Limalandira ndalama za anthu, limakongoza, ndipo silisunga zambiri m'bokosi chifukwa ndalama zogona sizibala. Ndi banki ya ofesi imodzi, ya dera limodzi, ya anthu odziwana, yofanana kwambiri ndi ija ya alimi a ku America.

Tiyeni tiyerekeze gulu la anthu 20 ku Kitwe. Asanu amagwira nchito ku mgodi kapena kwa makontrakita a mgodi. Anayi ndi akazi kapena abale a ogwira nchito ku mgodi. Atatu amagulitsa salaula pa Chisokone. Awiri ali ndi bala, awiri amayendetsa takisi, wina ali ndi saluni, wina ali ndi buthu ya mobile money, awiri amachititsa lendi manyumba. Mukaona pa pepala mungati gululi ndi losakanikirana bwino. Koma dzifunseni kuti amagula salaula ndi ndani, amamwa mu bala ndi ndani, amakwera takisi ndi ndani, amalipira lendi ndi ndani. Onse 20 akudikira tsiku limodzi la mwezi, tsiku limene mgodi walipira. Mgodi ukachotsa anthu, okongola mu gulu amalephera kubweza, ndipo mwezi womwewo osungitsa amafuna ndalama zawo kuti agule unga. Palibe amene waba, koma bokosi lilibe kanthu.

Izi si zongopeka, chifukwa nyengo zotere timazikumbukira. Mu 2011 mkuwa unafika pa madola pafupifupi 10,000 pa tani. Kumapeto kwa 2015 unali pansi pa madola 5,000. Mopani inachotsa anthu oposa 4,000 ku Kitwe ndi ku Mufulira, mgodi wa Baluba ku Luanshya unaimitsa nchito, ndipo kwacha inagwa kwambiri chaka chomwecho. Ogwira nchito ambiri anali ndi nkhongole za ku banki zodulidwa pa malipiro, ndipo ndalama zawo zotsanzikira nchito zinayamba zalipira nkhongolezo asanazigwire m'manja. Luanshya yokha yaona zotere kangapo: mu 2000 kampani imene inagula mgodi itagwa, ndiponso kumapeto kwa 2008 chuma cha dziko lapansi chitasokonekera. Ku Chingola ndi ku Chililabombwe makontrakita ndi ogulitsa katundu anadikira malipiro kwa nthawi yaitali KCM italowa m'milandu mu 2019. Mtengo wa mkuwa umakwera ndi kutsika kuyambira nthawi ya Bwana Mkubwa, ndipo palibe boma limene linauletsa kutsika.

Ndikudziwa zimene ena anene, ndipo ali ndi mfundo. Banki yeniyeni imadula ndalama mwezi ndi mwezi, chiwongola dzanja chimene imapatsa wosunga ndi chochepa kuposa mmene mitengo ya zinthu ikukwerera, ndipo wachinyamata wopanda payslip kapena nyumba ya chikole sangakongoleko. Gulu limakupatsa mpamba sabata yomweyo popanda mafomu. Limakuteteza kwa akaloba amene amafuna kuti ubweze ndi theka pamwamba mwezi usanathe. Limakukakamiza kusunga, zomwe ambiri sitingathe patokha ndalama zili pa foni. Mashopu ambiri, mapuloti ambiri ndi mafizi ambiri a ku koleji achokera m'magulu amenewa. Sindikuuza munthu kuti atuluke mu gulu. Ndikungoti tidziwe chimene gulu lingathe ndi chimene silingathe. Gulu limathandiza kwambiri vuto likagwera munthu mmodzi, monga maliro, matenda kapena katundu wolandidwa pa Kasumbalesa, chifukwa ena 19 amakhala ali bwino. Vuto likagwera tauni yonse, gulu limafooka pa nthawi imene mukulifuna kwambiri.

America inaphunzirapo kanthu. Mu March 1933 Pulezidenti Franklin Roosevelt anatseka mabanki onse kwa masiku angapo kuti awaunike, ndipo chaka chomwecho anakhazikitsa bungwe la FDIC loteteza ndalama za osungitsa. Kuyambira January 1934, munthu aliyense ankatsimikiziridwa kuti banki ikagwa adzabwezeredwa mpaka madola 2,500. Mabanki ankasonkha ndalama mu thumba limodzi la dziko lonse, ndiye banki ya m'dera limodzi ikagwa, thumbalo linkalipira. Anthu anasiya kuthamangira pamzere akamva mphekesera, ndipo kugwa kwa mabanki kunachepa kwambiri. Mu Zambia, pamene Meridien ndi anzake ankagwa, thumba lotere kunalibe, ndipo osungitsa ankadalira zimene boma ndi Bank of Zambia angasankhe kuchita. Choncho ndi ufulu wanu kufunsa ku banki yanu kuti ikagwa lero mudzabwezeredwa zingati, ndani adzakulipirani, ndiponso patapita nthawi yaitali bwanji. Funsaninso aphungu anu funso lomwelo akabwera kudzapempha mavoti. Koma dziwani kuti chitetezo chilichonse cha mtundu umenewu chimakhudza mabungwe a chilolezo okha. Bank of Zambia siyang'anira gulu lanu la pa WhatsApp monga imayang'anira mabanki. Gulu likagwa, mudzatsala nokhanokha kuyang'anana.

Ndiye chitetezo cha gulu tiyenera kuchimanga tokha, ndipo sichifuna digiri. Choyamba, yang'anani kumene mamembala amapeza ndalama, osangoyang'ana khalidwe lawo. Gulu lokhala ndi mphunzitsi, nesi, wapolisi, mlimi wa ku Mpongwe kapena ku Masaiti, woyendetsa thiraki ya ku Dar es Salaam ndi m'bale wogwira nchito ku Lusaka ndi lolimba kuposa gulu la anthu a shifiti imodzi, ngakhale a shifiti imodziwo atakhala okondana chotani. Malipiro a boma nawonso amakhudzidwa mkuwa ukatsika, poti ndalama zambiri zakunja za dziko lino zimachokera ku mkuwa, koma saima tsiku limodzi ngati mmene kontrakiti ya mgodi imathera.

Chachiwiri, gulu lisamakongoze ndalama zonse. Ndikudziwa kuti mamembala amadandaula ndalama zikagona, ndipo magulu ena amakakamiza aliyense kukongola kuti chiwongola dzanja chichuluke. Mwambo umenewu ndi woopsa. Munthu amene wakakamizidwa kukongola alibe bizinesi yoikamo ndalamazo, amazidya, kenako amakongola ku gulu lachiwiri kuti abweze loyamba. Magulu atatu akalumikizana chotero, limodzi likagwa onse amagwa. Gwirizanani gawo loti lizikhala pambali nthawi zonse, ku akaunti ya gulu yosainira anthu atatu. Ikaninso malire a ndalama zimene munthu mmodzi angakongole, ngakhale atakhala wapampando.

Chachitatu, lembani malamulo a nyengo yoipa nyengo ikali yabwino. Ngati anthu asanu achotsedwa nchito mwezi umodzi, chichitike n'chiyani? Adzapatsidwa miyezi ingati? Wofuna kutuluka pakati pa chaka adzalandira zingati? Mukapanda kugwirizana lero, tsikulo adzapindula ndi amene ali pafupi ndi msungichuma, ndipo otsalawo adzakhala ngati aja anafika mochedwa pamzere wa banki. Maubwenzi a zaka zambiri amathera pa nkhani zoterezi, ena mpaka ku polisi.

Chachinayi ndi cha inu panokha. Ndalama za pa ngozi, zokwanira lendi ndi chakudya cha miyezi ingapo, zisakhale mu gulu. Zikhale ku banki kapena ku bungwe limene lili pa mndandanda wa Bank of Zambia wa mabungwe a chilolezo, ndipo mndandandawo uli pa intaneti. Zikachulukirapo, zigaweni malo awiri. Phindu lake lidzakhala lochepa, inde, koma nchito ya ndalama zimenezi ndi kupezeka tsiku limene zonse zaima. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Ndalama zimene zalembedwa m'buku la gulu kuti mudzalandira mu December zikali pachala.

Pomaliza, chenjerani ndi aliyense amene akulonjeza phindu lalikulu lokhazikika mwezi ndi mwezi, makamaka akamati mubweretse anzanu. Mufunseni funso lija: ndalama zanga akongola ndani, ndipo akuchita nazo chiyani? Akayamba kuzungulira kapena kukuonetsani zithunzi za magalimoto, dziwani kuti phindu la oyamba likuchokera m'thumba la obwera pambuyo. Zotere sizifuna n'komwe kuti mkuwa utsike, zimagwa zokha olowa atsopano akatha.

Panopa ku Kopala kuli chiyembekezo. Mopani inapeza mwini watsopano mu 2024, KCM inabwerera kwa Vedanta, ndipo boma likulankhula za matani 3 miliyoni a mkuwa pa chaka pofika 2031. Ndi nkhani yabwino, ndipo tonse tikufuna kuti zitheke. Koma anthu amene ankafika pa Bwana Mkubwa mu 1929 analinso ndi chiyembekezo chotere, ndipo patangopita zaka ziwiri anali pa ulendo wobwerera kumudzi. Nthawi yokonza gulu ndi ino, pamene aliyense akulipira bwino ndipo palibe amene angakwiye mukafunsa. Pa msonkhano wotsatira, musanayambe kuwerenga ndalama, tengani pepala mulembe dzina la membala aliyense ndi kumene ndalama zake zimachokera. Mukapeza kuti mizere yambiri ikuthera pa geti ya mgodi umodzi, yambani kukambirana tsiku lomwelo.